Wailesi ya boma ikumveka bwino, koma TV yake ikudukaduka

Wakuphiri: Akuluakulu, thandizeni. M'dera la mapiri, wailesi ya boma ikumveka bwinobwino pa FM, koma pa TV chithunzi chikumaima n'kusweka timabokosi. Vuto ndi dikoda kapena eriyo?

Amisiri: Kawirikawiri ndi eriyo, achimwene. FM imaulutsidwa pakati pa 87.5 ndi 108 MHz, ndipo mafunde ake amatha kulambalala phiri pang'ono. TV ya digito yodzera pa dikoda (DVB-T2) nthawi zambiri imakhala pa mafunde a UHF, amene salambalala phiri mosavuta, kuyambira 470 MHz kupita m'mwamba, choncho imafuna eriyo yoloza kunsanja youlutsira. Ikwezeni ipitirire denga, muziitembenuza pang'onopang'ono wina akuyang'ana signal quality (kamvekedwe kabwino ka siginolo) pa dikoda. Signal strength (mphamvu ya siginolo) isakunamizeni, imatha kukwera chithunzi palibe.

Nyambose: Onaninso waya. Akhale waya wa eriyo wotchedwa coaxial, wa 75 ohm, wosalumikizalumikiza. Madzi a mvula akalowa polumikizira, mkuwa umadyeka ndipo siginolo ya TV imafooka. Tiwaya ting'onoting'ono tozungulira waya wapakati mu coaxial tisakhudze wapakatiyo ngakhale kamodzi komwe. Mukatero kulungani polumikizirapo ndi tepi.

Amisiri: Zoona, mayi. Booster, kachipangizo kokwezera siginolo, musaithamangire, imakweza ndi phokoso losokoneza siginolo lomwe. Mukakonza zonsezi, chitaninso auto scan kuti dikoda ifufuzenso matchanelo yokha.