Tigule laisensi ya SQL Server kapena tingosamukira ku PostgreSQL?

Mphatso: Anzanga ndithandizeni nzeru. Veeam yathu, pulogalamu yopangira ma backup, ikuyendera SQL Server Express yakale yaulere ija ndiye database yatsala pang'ono kufika 10 GB, paja imathera pomwepo. Abwana akufuna ndiwayankhe ngati tigule laisensi ya SQL Server Standard, yolipira ija. Ndiyofunikadi kapena kungotaya ndalama?

Tadala: Musagule akulu. Kuyambira v12 yomwe inatuluka mu 2023 Veeam imayenda ndi PostgreSQL, ukamaika yatsopano ndi imene imabwera nayo, yaulere ndipo za 10 GB zija kulibe. Standard mukagula ya ma core amakugulitsani awiriawiri koma osachepera 4, ndalama zonsezo chifukwa cha database yongosunga ma job ndi mbiri yake basi?

Yamikani: Yaulere inde koma aziisamalira ndani? Ine SQL Server ndinaizolowera, ikavuta usiku ndimatsegula Management Studio ndikuwoneratu pomwe pavuta, PostgreSQL ndikayambira pati. Komanso ngati muli kale ndi Standard pa seva ina ingoikani database pamenepo, simugula kanthu.

Tadala: Apo ndiye ndakana aYamikani. Seva imene mukuitengera ma backup ikhalenso yosunga database ya backup yomweyo? Tsiku lomwe yafa nonse mukhala mukuyang'anana, chodzutsira chinzake chafera limodzi.

Mphatso: Mantha anga ali pa ma backup akale, tikasamuka satayika?

Chisomo: Satayika achimwene, mafayilo a backup a .vbk ndi .vib amakhala pa repository, malo awoawo osungirako, kusintha database sikuwakhudza. Imitsani kaye ma job onse pasakhale ikuyenda, pangani configuration backup (kope la database ya Veeam yo) koma muyatse encryption chifukwa popanda iyo ma password osungidwa aja salowamo ndiye muzakhalira kulowetsa imodziimodzi pamanja, password ya encryption yo ilembeni pena pabwino osati pa seva yomweyo chonde. Mukaika PostgreSQL pangani restore posankha Migrate, kenako muyendetse command ya PowerShell ya Set-VBRPSQLDatabaseServerLimits kuti PostgreSQL igwirizane ndi RAM ndi CPU zomwe muli nazo, ambiri amadumpha apa kenako nkumati PostgreSQL ndiyochedwa.

Chisomo: Ndinaiwala, ngati muli ndi Enterprise Manager, yoyang'anirira ma seva a Veeam pa web ija, nayonso isamuke, ziwirizi zimafuna database ya mtundu umodzi.

Yamikani: Chabwino ndamva, komabe ine kwathu sindisuntha chinthu choti chikugwira bwino. Inu aMphatso poti mwafika kale pa malire samukani, koma database yakaleyo musaifufute msanga, ikhale kaye mpaka mutsimikize.

Tadala: Ndipo kutsimikiza kwake si kuwona ma job ali green ayi, bwezani fayilo imodzi ndi VM (virtual machine) imodzi yathunthu muone ngati ikuyaka.

Mphatso: Zikomo nonse. Ndiwauza abwana kuti laisensi tisagule, ndiyeserera kaye pa VM yapadera ndi configuration backup ya lero. AChisomo PostgreSQL yo ndiike pa seva ya Veeam yomweyo kapena payokha?

Chisomo: Ngati ma job anu si ochuluka kwambiri pomwepo ndi pabwino, bola RAM ikhale yokwanira.