Ndithandizeni kusintha printa izisindikiza zithunzi zakuda ndi zoyera

Akuluakulu ojambula zithunzi, ndigawireniko nzeru. Ndili ku Ndirande, ndili ndi Epson L805, ija ya matanki 6 a inki. Ndikasindikiza zakuda ndi zoyera zimatuluka zobiriwira pang'ono. Dzulo pa chithunzi cha malemu agogo, imvi zawo zinaoneka ngati ndere. Mtima unandiwawa, sindinachionetse kwa amayi.

Ndikufuna kuchotsa inki yamitundu, ndithiremo yakuda ya kaboni yosungunula mosiyanasiyana kuti kutuwa kuzituluka bwino. Alipo anayesapo? Mantha anga ali pa hedi, kachipangizo kopopera inki papepala, poti printayi anaipangira inki ya dye, yomwe utoto wake umasungunukiratu m'madzi. Kodi sitsekeka? Mapaipi mumatsuka ndi chiyani musanathire yatsopano? QuadToneRIP, pulogalamu ya pakompyuta yosindikizira zakuda ndi zoyera, imagwirizana ndi printayi? Nanga inkiyo imapezeka ku Limbe, kapena mpaka kuitanitsa ku Johannesburg?