Funso: epuloni za mtovu zosweka mkati, mumaziyesa bwanji?

Moni nonse akuluakulu a m'gulu muno, makamaka inu ojambula X-ray.

Tili pa chipatala china kuno ku Mchinji. Epuloni zathu za mtovu, zovala zotchinga cheza cha X-ray, ndi zitatu: ziwiri za 0.35 mm (muyeso wa mtovu wotchinga cheza), imodzi ya 0.25 mm, komanso kolala ya pakhosi ya 0.5 mm. Zakhala zikupindidwa n'kuikidwa pampando m'malo mopachikidwa pa hang'ala, ndiye mtovu wamkati wayamba kusweka m'mapindo. Kunja nsalu ikuoneka bwinobwino, apo ndi pamene pamanamiza anthu.

Tinaziyala pathebulo n'kupapasa ndi manja, tinamva timizere tolimba chapamimba. Kenako tinajambula epuloni iliyonse pa kaseti ya 35 x 43 cm pa 80 kVp (mphamvu ya cheza cha makina a X-ray), chidutswa ndi chidutswa chifukwa fluoroscopy (makina a X-ray oonetsa chithunzi pompopompo pa sikirini) tilibe. Imodzi yaonetsa mzere wakuda wa pafupifupi 3 cm pafupi ndi msoko wa m'mbali, pomwe cheza chikudutsa.

Pakadali pano wogwira mwana pojambula amavala epuloni yopanda mng'alu, ena amaima mamita awiri kapena kuseri kwa khoma, poti mtunda ukawirikiza kawiri cheza chimatsika kufika pa gawo limodzi mwa magawo anayi. Koma nthawi zina ogwira amafunika awiri.

Ndiye ndifunse: mng'alu ukafika pati mumaitaya epuloni? Wa pamsoko mumauwerengera mofanana ndi wa pamimba? Nanga baji ya TLD (kachipangizo koyeza cheza chimene munthu walandira), mukakhala ndi imodzi yokha, mumaivala mkati mwa epuloni pachifuwa kapena kunja pakolala? Amene munagulako epuloni za 0.5 mm ku Lilongwe, tiuzeniko komwe zimapezeka.