Kodi manambala achilendo tiziwayankha?

Mayi wa ku Kapata: Ndimagulitsa mtedza kuno ku Chipata, ndipo manambala achilendo amandiimbira kawirikawiri. Ndikapanda kuyankha ndimaopa kutaya makasitomala, koma ena mwa oimbawo ndi akuba. Kodi anzanga mumatani?

Bambo wa ku Katete: Mayi, yankhani ndithu, koma mudikire kuti woimbayo adzitchule yekha dzina ndi chimene akufuna. Akangofunsa PIN ya ndalama za pafoni, kapena kunena kuti wakutumizirani ndalama molakwitsa, dulani pomwepo.

Bambo wa ku Mwami: Nambala yoyamba ndi +265 ndi ya ku Malawi, mwina ndi wogula wa ku Mchinji. Zina zonse ndimazisiya zipite ku voicemail, ndipo madzulo ndimaimbira okhawo amene asiya uthenga womveka, ngakhale kwathu kuno ambiri amangoflasha.