Thandizeni: kasakidwe ka mawu pa webusaiti ya mawu a nyimbo

Akuluakulu, tikumanga webusaiti ya mawu a nyimbo ndipo tikupempha nzeru zanu. Mfundo zathu ndi izi: tsamba lizitseguka msanga ngakhale netiweki ili yofooka, zilembo zisachepere 16px pa foni, pasakhale malonda otchinga mawu, ndipo dzina la wopeka lizioneka pamwamba pa nyimbo iliyonse. Nyimbo yopanda chilolezo cha mwini wake sitiika.

Pamene pavuta ndi posaka. Munthu sakumbukira mutu wa nyimbo, amangolemba kachidutswa ka kolasi, nthawi zambiri molakwitsa. Tikugwiritsa ntchito MySQL, pulogalamu yosungira deta, ndipo njira yake yosakira mawu, yotchedwa FULLTEXT ya InnoDB, imadumpha mawu osakwana zilembo 3, kotero "wa", "ku" ndi "za" sawerengedwa. Tikhoza kutsitsa malire a zilembowa (innodb_ft_min_token_size) kufika pa 2 n'kumanganso index, mndandanda wa mawu osakidwa, koma zimenezi sizithandiza wolemba chilembo cholakwika, kapena wolumikiza mawu awiri amene ife tinawalekanitsa.

Kodi tisamukire ku PostgreSQL, pulogalamu ina yosungira deta, kuti tigwiritse pg_trgm, imene imadula mawu m'magulu a zilembo zitatuzitatu n'kufananitsa? Kapena tingosunga kope lachiwiri la mawuwo, la zilembo zazing'ono lopanda zizindikiro, loti lizisakidwa lokha? Ife tikuona ngati njira yachiwiriyi ndi yopepuka, koma mwina pali msampha umene sitikuuona.

Chinanso: owerenga akatumiza zokonza, tiziike nthawi yomweyo kapena zidikire kaye wina aziunike? Nanga awiri akatsutsana pa mzere umodzi, mumagamula bwanji?