Matebulo a mapaleti asanduka achikasu, kasitomala wakana

Kalipentala wa ku Ndirande:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Mayi wina akutsegula malo omwera khofi mu Blantyre muno, ndiye anandipatsa ntchito ya matebulo 6 opangidwa ndi mapaleti akale (matabwa aja osanjikapo katundu ponyamula), miyendo yachitsulo yakuda, kuphatikiza nyali za mabotolo a vinyo. Anandionetsa zithunzi za pa Pinterest, thabwa loyera mbuu, losawala, zija amati sitayilo ya ku Scandinavia. Ine ndinaphwasula mapaleti, kupala, kukwecha, kenako vanishi makoti atatu monga ndimachitira ndi zitseko. Dzulo atabwera angoti, "Achimwene, izi zikukhala ngati mabenchi a m'tchalitchi." Sananame. Matebulo ali chikasu ngati uchi, akunyezimira ngati galasi. Awiri mwa iwo matabwa ayamba kutalikirana, ndalama yachitsulo ikulowa pampatapo. Dipoziti ndinadya kale. Ndiwapulumutse bwanji?

Wopenta wa ku Zingwangwa:
Vanishi wake uti? Ngati burashi mumatsukira thina, ndiye wamafuta, ndipo palibe chodabwitsa. Vanishi wamafuta amabwera ndi chikasu chake m'chitini momwemo, ndipo chimawonjezeka pakapita miyezi. Pa mlombwa kapena mbawa zimakongola chifukwa mtengowo ngwoderapo kale. Mapaleti ambiri ndi a paini, ndipo paini ndi mtengo wotuwa, chilichonse mwaupaka chimaonekera.

Kalipentala wa ku Ndirande:
Ndi wamafuta yemweyo, wa gulosi. Wina pano akuti ndipake Jik ayera.

Madala wa ku Limbe:
Mwana wanga, Jik musiyire ochapa. Pamwamba pa vanishi sachita kanthu, ndipo ngakhale pathabwa losapaka amangodzutsa tiubweya, mtundu wa mtengo umatsala womwewo. Njira ndi imodzi basi, vanishi yenseyo achoke. Yambani ndi kupala ndi sikerepa, chifukwa vanishi watsopano amamata pa sandipepa n'kumuwononga msanga. Mukatero kwechani ndi 80, kenako 120, mumalize ndi 180. Musalumphe nambala, mizere ya 80 idzaonekera mukadzapaka.

Koma ine chondidetsa nkhawa si mtundu ayi, ndi mipatayo. Mapaleti amenewo munawatenga pati, ndipo anakhala masiku angati musanawakhome?

Kalipentala wa ku Ndirande:
Kuseri kwa nyumba ina yosungira katundu ku Makata, anali panja. Ndinawatenga Lolemba, Lachinayi ndinali nditayamba kulumikiza.

Madala wa ku Limbe:
Ndi pamenepo. Amwa mvula ndi mame miyezi yambiri, inu mwawalowetsa m'shedi n'kuwamanga asanaume. Thabwa likamauma silifupika kwenikweni m'litali, limachepa m'lifupi, n'chifukwa chake mipata imatseguka pakati pa thabwa ndi linzake. Mukathira fila yotsekera mipatayo lero, pofika Okutobala idzakhala itasweka n'kugwa. Awiri amenewo amasuleni. Sanjikizani matabwa pamthunzi podutsa mphepo, muike timitengo pakati kuti asagundane, pamwamba mutsindire ndi njerwa kuti asapindike. Akhale milungu itatu kapena inayi, ndipo kukachita chiperoni muwonjezere. Mayiwo auzeni chilungamo, atenge anayi kaye.

Wowotcherera wa ku Biwi:
Ndiwonjezere za mbali yanga. Gwero la vuto nthawi zina limakhala ifeyo. Timaboola felemu timabowo tolingana ndendende ndi sikuluwu, ndiye thabwa limasowa poyendera, mapeto ake limang'aluka kapena kukoka mzere wa guluu. Auzeni amene anakupangirani miyendo akuze mabowo akhale otalikirapo, motsata m'lifupi mwa tebulo, muike wochala ndipo musamange mpaka kulira. Masikuluwu apakati okha ndiwo amangidwe zolimba. Za penti, yambani ndi red oxide, woteteza dzimbiri uja, kenako wakuda wa mati, wosawala. Wakuda wa gulosi pa miyendo ya tebulo amaoneka ngati mabagalabazi a pawindo, mayi anuwo akananso.

Mayi wokongoletsa maukwati, Area 25:
Inu abambo mwathamangira zida, koma cholakwika chinayamba tsiku lomwe anaonetsedwa chithunzi. Kalipentala wa kuno ukamuuza "chokongola" m'mutu mwake mumabwera chonyezimira ndi choderapo, chifukwa ndi zomwe tinakulira, kabati ya m'chipinda chochezera ija yoikamo mbale za alendo. Anthu a ku Denmark ndi Sweden amakhala miyezi yambiri dzuwa likulowa msanga, n'chifukwa chake m'nyumba amafuna zotuwa zobweza kuwala. Matebulo ena kumeneko sawapaka n'komwe vanishi, amangowatikita ndi sopo wosungunula. Ndipo zomwe akufuna mayiwo ndi masitayilo awiri osakaniza, pamwamba Scandinavia, pansi chitsulo chakuda cha industrial. Ine masiku ano sindiyamba ntchito popanda sampulo. Kathabwa kamodzi, kasitomala asayine kumbuyo ndi bolopeni. Ndinaphunzira nditapenta mabotolo 80 agolide pomwe mkwatibwi ankanena golide wotuwa.

Wopenta wa ku Zingwangwa:
Amayi anena zoona. Mukamaliza kukwecha chitani izi: PVA woyera, kapu imodzi ya penti, makapu awiri a madzi. Pakani motsata mizere ya mtengo, dikirani pang'ono, pukutani ndi kansanza kakadali konyowa. Mizere ndi mfundo zizioneka, musaphimbe. Ukauma kwechani mopepuka ndi 220, kenako vanishi wa water-based wa mati makoti atatu, poti ndi tebulo loikapo makapu otentha. Ameneyu m'chitini amaoneka ngati mkaka koma akauma sasintha mtundu. Ndi wokwera mtengo, ndipo si hadiweya iliyonse ili naye. Musayese kumupaka pamwamba pa wamafuta uja kuti muchepetse ntchito, chikasu chikhala chikuonekabe pansi. Madontho akuda ozungulira mabowo a misomali asiyeni, okonda zimenezi amawafuna dala.

Mlongo wanu ku Johannesburg:
Palibe amene wafunsa za chidindo. Achimwene, pa timiyendo ta paleti m'mbali pamakhala chizindikiro chowotcha chokhala ngati ngala ya tirigu, zilembo za dziko monga ZA kapena CN, kenako HT kapena MB. HT ndiye kuti analitenthetsa mpaka pakati pa thabwa pafika madigiri 56 kwa mphindi 30 kuti tizilombo tife. MB ndiye kuti anafukiza mankhwala a methyl bromide. A MB ine sindiwayandikitsa podyera anthu. Chimodzimodzi aliwonse onunkha kapena othimbirira, simudziwa ngati ananyamula feteleza kapena mankhwala a m'munda. Ndipo opakidwa buluu aja ndi a kampani ya CHEP, amangobwereketsa, sagulitsa. Wokugulitsani amenewo akugulitsa katundu wa eni.

Kalipentala wa ku Ndirande:
Achemwali mwandiopsa, ndathamangira kukafufuza pa zidutswa zomwe ndimati ndikolezere moto. Zonse ndi HT, kupatula paleti imodzi yopanda chidindo yomwe sindinaigwiritsebe. Imeneyo ikhale ya shelefu ya zida. Nanga mabotolo? Ndayesa kuwadula ndi ulusi woviika mu palafini n'kuyatsa, pa 10 abwino atuluka atatu.

Wowotcherera wa ku Biwi:
Ulusi ndi za pa YouTube. Gulani kodulira magalasi, kamangeni pa thabwa, botolo ligone pakona n'kulizunguza kamodzi kokha. Mukabwereza mzere ndiye mwaliwononga. Kenako madzi otentha pamzerepo, madzi ozizira, mosinthanasintha mpaka matako ake agwe okha. Mlomo wake mukweche ndi sandipepa wakuda uja wa m'madzi, ali wonyowa, fumbi la galasi si lopuma. Babu ikhale ya LED, zakale zija zimatenthetsa botolo. Za mawaya itanani wamagetsi, ndipo botolo lisalendewere pa mfundo ya waya.

Mayi wokongoletsa maukwati, Area 25:
Pa mtengo musafewe. Adzakuuzani kuti "si zinyalala izi?" Muwawerengere masiku ozula misomali, mipeni ya pulena yomwe yabunthira pa misomali yotsalira, sandipepa, milungu youmitsa. Thabwa latsopano la ku Chikangawa likanakhala lachangu kuposa apa.

Kalipentala wa ku Ndirande:
Ndapanga masampulo atatu pa zidutswa, madzi ochuluka mosiyana, ndawatumizira. Asankha wapakati, ndipo avomera kutenga anayi kaye. Ndalama yowonjezera akana, akuti kulakwitsa n'kwanga, vanishi watsopano yekha ndiye tigawana pakati. Madala, timitengo toika pakati pa matabwa tija titalikirane bwanji?

Madala wa ku Limbe:
Masentimita 40 kapena 50, ndipo tilunjikane kuchokera pansi mpaka pamwamba. Musaumike padzuwa kuti zifulumire, ang'aluka.