Kodi tiyambe kulipira AutoCAD yatsopano chaka ndi chaka, kapena tikhalebe ndi yakale?

Wojambula Mapulani:
Akuluakulu, ndikupempha maganizo anu. Mu ofesi mwathu timagwiritsa ntchito AutoCAD 2016, pulogalamu ya pa kompyuta yojambulira mapulani, imene tinagula ndi laisensi yolipira kamodzi kokha kampani ya Autodesk isanasiye kugulitsa malaisensi otere m'chaka cha 2016. Pulogalamuyi ikugwirabe ntchito bwino, koma mainjiniya amene timathandizana nawo akutitumizira mafayilo a DWG (mafayilo amene AutoCAD imasungiramo zojambula) osungidwa mu mtundu wa 2018, ndipo yathuyi siyitha kuwatsegula. Kodi tiyambe kulipira chaka ndi chaka kuti tizilandira mtundu watsopano? Mnzanga wina akuti ndilembetse kaye pa beta, mtundu woyesera umene umatuluka pulogalamu isanamalizidwe, kuti ndione zimene zikubwera ndisanatulutse ndalama.

Injiniya wa Misewu:
Bambo, ngati vuto ndi mafayilo okha, musathamangire kulipira. Mtundu wa DWG umene unabwera ndi AutoCAD 2018 ndi womwewo umene unagwiritsidwabe ntchito mpaka mu AutoCAD 2025, ndipo munthu amene ali ndi pulogalamu yatsopano angathe kusunga fayilo yake mu mtundu wa 2013, umene yanuyo imatsegula. Akaiwala kutero, pali DWG TrueView, yaulere, imene imatembenuza mafayilo kuchoka mu mtundu wina kupita mu wina. AutoCAD inayamba kugulitsidwa mu 1982, ndipo zida zojambulira mizere, kuika miyeso ndi kusanja maleya (magulu amene zojambula zimagawidwamo) zinakhwima kalekale. Munthu wojambula mapulani a nyumba mu 2D (zojambula zafulati ngati za papepala) sapeza zosintha zambiri chaka chilichonse zoti n'kumalipirira.

Mayi Woyang'anira Ofesi:
Pepani a Injiniya, pamenepo sindikugwirizana nanu kwenikweni. Kutembenuza fayilo imodzi sikuvuta, koma pulojekiti ikakhala ndi mafayilo ambiri olumikizana kudzera mu xref (njira yoonetsera fayilo ina mkati mwa inzake), ndipo wina akuwasintha tsiku ndi tsiku, ntchito yotembenuza imadya nthawi ya wojambula, komanso n'kosavuta kuti apitirize kujambula pa fayilo ya dzana pamene ya lero yafika kale. Zinthu zopangidwa mu Civil 3D, pulogalamu ya mainjiniya a misewu ndi zomangamanga, nazonso zimafika ngati zithunzi chabe zimene simungazisinthe mokwanira. Palinso nkhani ya kompyuta yeniyeniyo. Microsoft inaika 14 October 2025 kukhala tsiku losiya kuthandiza Windows 10, ndipo AutoCAD 2016 inapangidwa Windows 11 isanabwere, choncho tsiku limene makina anu adzatope mudzakhala mukuika pulogalamu pamalo amene eni ake sanalonjeze kuti idzayenda. Kwa ine, chimene mukulipira ndicho kukhala pa mtundu umodzi ndi anthu amene mumasinthana nawo ntchito.

Woyesa Mapulogalamu:
Ndilankhulepo za beta, chifukwa mnzanuyo akukusocheretsani ngakhale cholinga chake n'chabwino. Beta amaitulutsa kuti apeze zolakwika, ndipo woyesayo ndi amene akuthandiza kampani. Kawirikawiri mumavomera kusaulula zimene mwaona, pulogalamuyo imakhala ndi tsiku limene idzasiye kugwira ntchito, ndipo zina zimene mungazikonde zimatha kuchotsedwa isanatuluke yeniyeni. Ine ndimayesa ma beta pa kompyuta yapadera ndi makope a mafayilo, chifukwa ndinaonapo beta ya pulogalamu ina ikusunga fayilo imene mtundu womaliza unakana kuitsegula bwino. Imeneyo ikanakhala ntchito ya kasitomala, bwenzi tikujambulanso kuyambira pachiyambi.

Ngakhale mtundu womaliza ukatuluka, simuika tsiku lomwelo pa makina onse. Muike pambali pa wakale, osachotsa wakalewo, kenako mukopere template yanu (fayilo yoyambira ntchito yatsopano), fayilo ya CTB (yolamulira kukhuthala kwa mizere posindikiza), mafonti (maonekedwe a malembo) ndi mapulogalamu anu a AutoLISP (chinenero cholembera timapulogalamu tofulumizitsa ntchito mu AutoCAD). Mukatero sindikizani pepala limodzi lalikulu la A1 la pulani imene mumaidziwa bwino, ndipo muliike pa tebulo pambali pa lakale. Yang'anani kukhuthala kwa mizere ya makoma, malembo a m'bokosi la mutu, ndi ngati muyeso wa 1:100 ukugwirizana ndi rula. Fonti imodzi ikasowa, malembo amatalika n'kulowerera mu mzere wa chitseko, ndipo zimenezi simuzizindikira msanga pa sikirini. Kumbukiraninso kuti AutoCAD 2025 inasamukira pa .NET 8, maziko atsopano a mapulogalamu ochokera ku Microsoft, zimene zinachititsa kuti ma plugin (timapulogalamu towonjezera) ambiri akale afunike kumangidwanso ndi eni ake.

Wojambula Mapulani:
Zikomo kwambiri. Za beta ndamva, ndazisiya. Koma Mayi, mfundo yanu ya kukhala pa mtundu umodzi ikundiopsa pang'ono, chifukwa ikutanthauza kuti tikayamba kulipira sitidzasiyanso. Laisensi ya chaka ikatha, pulogalamu imatseka, pamene yakaleyi ndi yathu.

Mayi Woyang'anira Ofesi:
Mwanena zoona, Bambo, ndipo zimenezo muziwerengere bwino musanasaine. Komabe pa AutoCAD muli ndi mwayi wosunga mafayilo mu mitundu yakale, moti mukadzasiya kulipira ntchito yanu siyitsekeredwa. Anzathu ogwiritsa ntchito Revit, pulogalamu ina ya Autodesk, alibe mwayi umenewo, chifukwa fayilo ikangotsegulidwa ndi kusungidwa mu mtundu watsopano siyibwereranso m'mbuyo, ndipo gulu lonse la pulojekiti limayenera kusamuka pamodzi. 

Mphunzitsi wa Zojambula:
Tikukamba ngati kuti njira ndi ziwiri zokha. Ngati ntchito yanu yonse ndi ya 2D, onani kaye AutoCAD LT, imene ndi yotsikirapo mtengo ndipo kuyambira mtundu wa 2024 imayendetsa AutoLISP, chinthu chimene kale chinkakakamiza anthu kugula yaikuluyo. Palinso BricsCAD, yopangidwa ndi kampani ya Bricsys ya ku Belgium, imene imagwiritsa ntchito DWG mwachindunji ndipo malamulo ake ambiri amafanana ndi amene zala zanu zinazolowera. FreeCAD 1.0 inatuluka mu November 2024 ndipo ndi yaulere, koma mphamvu yake ili pa zinthu za 3D (zoonetsa utali, mulifupi ndi msinkhu), moti sindingakulangizeni kuisandutsa chida chachikulu cha ofesi ya mapulani. Njira yoyenera yoyesera ndi mtundu woyeserera wa masiku ochepa wa pulogalamu imene yatuluka kale, chifukwa zimene mukuona pamenepo ndi zimene mudzagule.

Injiniya wa Misewu:
Aphunzitsi anena bwino, ndipo ndikuvomereza kuti nkhani ya Windows ndinaipeputsa. Komabe sindikuona chifukwa choti mipando yonse ya mu ofesi, kutanthauza makompyuta a ojambula onse, isinthe nthawi imodzi. Lipirani laisensi imodzi ya amene amalandira ndi kutumiza mafayilo kunja, ndipo enawo apitirize ndi 2016 mpaka makina awo adzafune kusinthidwa.

Wojambula Mapulani:
Ndiyesa LT ndi BricsCAD pa makope a pulojekiti imene tinamaliza kale, ndipo ndisindikiza mapepala monga mwandilangizira. A Injiniya, funso langa lotsala ndi ili: ngati mpando umodzi uli pa mtundu watsopano, kodi ndingaukonze kuti nthawi zonse uzisunga mu DWG ya 2013?

Injiniya wa Misewu:
Inde, Bambo. Lembani lamulo la OPTIONS, pitani pa tsamba la Open and Save, ndipo pamalo osankhira mtundu wosungira musankhe wa 2013. Muchite zimenezi tsiku loika pulogalamu, munthu asanatsegule fayilo iliyonse ya ntchito.